Funsani Zamakompyuta: Tikulitse Seva Imodzi Kapena Tichulukitse Maseva?

Makalata anayi amene tasankha mwezi uno akuzungulira nkhani imodzi. Ntchito ikayamba kuilemera seva (kompyuta yosunga ndi kuyendetsa mapulogalamu amene anthu ambiri amagwiritsa ntchito), kodi ndalama ziikidwe pa makina amodzi amphamvu kwambiri, kapena pagulidwe makina ang'onoang'ono angapo oti azigawana ntchitoyo? Njira yoyamba akatswiri amaitcha vertical scaling, yachiwiri amaitcha horizontal scaling, koma muno tizingoti kukulitsa ndi kuchulukitsa. Makalata ena tawafupikitsa.

FUNSO: A Mkonzi, ine ndimayang'anira makompyuta pa bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama muno mu Lilongwe. Tili ndi seva imodzi ya ma core 4 ndi RAM ya 16 GB, ndipo pulogalamu yathu pamodzi ndi database ya PostgreSQL zonse zili momwemo. Kumapeto kwa mwezi, pamene tikulowetsa ndalama zodulidwa kumalipiro a mamembala, makina amachedwa mpaka mzere kufika panja. Wogulitsa makina akuti tigule seva yaikulu, pomwe mnyamata amene amatikonzera pulogalamu akuti tisamukire pa cloud (maseva obwereka kwa makampani ena kudzera pa intaneti), tikhale ndi maseva ang'onoang'ono angapo oyendetsedwa ndi Kubernetes, chida chogawira mapulogalamu pa maseva ambiri. Akuluakulu a bodi akufuna kudziwa njira yotchipa. Bambo M., Lilongwe.

YANKHO: Bambo, musanatulutse ngakhale tambala, dziwani kaye chimene chikudzaza. Tsiku limene mzere watalika, khalani pa seva ija, mulembe lamulo la top, muyang'ane mzere wa pamwamba wosonyeza mmene CPU ikugwirira ntchito. Ngati CPU ikupuma koma nambala ya wa yakwera, ndiye kuti makina akungodikira disiki, ndipo kuchotsa madisiki ozungulira aja n'kuikamo SSD, madisiki othamanga opanda chozungulira, kungathetse vutolo pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi seva yatsopano. Ngati RAM yatha ndipo makina ayamba kubwereka malo pa disiki, onjezerani RAM. Kenako muuze mnyamata wanuyo ayatse chida cha pg_stat_statements mu PostgreSQL, chifukwa ndi mmene mudzaonere mafunso opita ku database amene akudya nthawi yambiri. Kawirikawiri pamapezeka funso limodzi limene limawerenga mbiri yonse ya ndalama zolowa ndi zotuluka pofuna kupeza za membala mmodzi, chifukwa pa nambala ya membala palibe index, mndandanda wothandiza database kupeza chinthu msanga. Index saigula, ndipo seva yatsopano imene idzalandire funso loipa lomwelo idzangolichita mofulumirirako kwa kanthawi mpaka mbiriyo itakulanso.

Mukatsimikiza kuti makinawo ndi ochepadi mphamvu, apo m'pomwe funso la bodi liyenera kuyankhidwa. Ganizo loti makina ang'onoang'ono ambiri ndi otchipa kuposa aakulu amodzi lili ndi kochokera, ndipo pa nthawi yake linali loona. Mu 2003 akatswiri a Google anafotokoza kuti kusaka pa intaneti ankakuyendetsa ndi makompyuta wamba opitirira 15,000, ndipo anaonetsa mitengo iwiri. Maseva ang'onoang'ono 88, okhala ndi ma CPU 176 ndi RAM ya 176 GB onse pamodzi, ankagulidwa madola pafupifupi 278,000, pomwe seva yaikulu imodzi ya ma CPU 8 ndi RAM ya 64 GB inkagulidwa madola pafupifupi 758,000. Munthu wogula seva yaikulu ankalipira katatu kuti alandire mphamvu yochepa kutalitali. Achinyamata ambiri ophunzira zamakompyuta anatengera phunzirolo, ndipo akulibwerezabe mpaka lero ngakhale mitengo inasintha kalekale.

Chimene chinasintha n'chakuti mphamvu imene kale inkafuna chipinda chonse tsopano imakwana m'bokosi limodzi logulidwa pamsika wamba. AMD inatulutsa CPU ya ma core 96 mu 2022, ndipo seva yokhala ndi ma CPU awiri komanso RAM yofika 1 TB kapena kuposa si yachilendonso. Pa cloud nakonso mtengo umakwera mofanana ndi kukula kwa seva, bola mukhale m'banja limodzi la makina. Tengani chitsanzo cha Amazon Web Services m'dera lake la Northern Virginia, pa mtengo wolipira pa ola wa makina a Linux: seva ya m5.large, ya ma vCPU 2 ndi RAM ya 8 GB, ndi madola 0.096 pa ola, pomwe m5.2xlarge, ya ma vCPU 8 ndi RAM ya 32 GB, ndi madola 0.384 pa ola. Maseva ang'onoang'ono anayi ndi seva yaikulu imodzi mtengo wake ndi umodzimodzi, madola pafupifupi 280 pa mwezi. Choncho pa makina enieniwo palibe chimene mwapulumutsa pochulukitsa, ndipo kusiyana konse kumabwera pa zinthu zowazungulira.

Zili ngati chigayo. Chachikulu chimodzi chimafuna wogayitsa mmodzi ndi mita imodzi ya magetsi, pomwe zigayo zinayi zazing'ono zingagaye matumba omwewo, koma pafunika wina woima pakhomo wolozera anthu kopita, ndipo chilichonse chimafuna woyang'anira malamba ake. Woima pakhomoyo pa maseva ndi load balancer, imene pa Amazon imayambira madola pafupifupi 16 pa mwezi musanawerengere kuchuluka kwa odutsapo. Imeneyo ndi ndalama yochepa. Yaikulu ili pa kukonzanso pulogalamu. Pulogalamu yolembedwera seva imodzi imasunga pa disiki yake yomwe zizindikiro zoti wogwira ntchito wakutiwakuti walowa, zithunzi za ziphaso za mamembala, ndi mafomu a ngongole. Mukaigawa pa maseva anayi, wogwira ntchito amene walowera pa seva yoyamba adzapezeka watulutsidwa pamene pempho lake lotsatira lagwera pa seva yachitatu, ndipo fomu yosungidwa pa seva yachiwiri sidzaoneka kwa anzake. Zonsezi ziyenera kusamutsidwira pamalo amodzi ofikirika ndi maseva onse, malowo amalipiridwa, ndipo ntchito yosamutsayo imatenga masabata a munthu wodziwa. Palinso ntchito zoyendera nthawi, monga kuwerengera chiwongoladzanja usiku, zimene ziyenera kutetezedwa kuti zisachitike kanayi. Pa bungwe la ndalama ngati lanu, cholakwika chotere chimawononga zambiri kuposa mtengo wa seva iliyonse.

Koma chovuta koposa ndi database, ndipo ndikukhulupirira kuti kuchedwa kwanu kwa kumapeto kwa mwezi kuli kumeneko. Maseva a pulogalamu mungawachulukitse, koma onse adzatumiza zolemba zawo ku PostgreSQL imodzi yomweyo. Makope owerengera amathandiza pa malipoti, koma kulemba konse kumapitabe ku seva imodzi, pokhapokha mutadula databaseyo m'zigawo, mamembala ena kuno ena uko, ntchito imene ndi yokwera mtengo kwambiri. Kampani ya Figma, ya pulogalamu yojambulira maonekedwe a mapulogalamu, inali idakali pa PostgreSQL imodzi mu 2020, pa seva yaikulu kwambiri imene Amazon inkabwereketsa, ndipo itafika poti idule matebulo ake m'zigawo, gulu la akatswiri linagwira ntchitoyo miyezi pafupifupi 9 tebulo loyamba lisanadulidwe mu 2023. Bungwe la Let's Encrypt, limene panthawiyo linkapereka ziphaso za chitetezo ku mawebusaiti opitirira 235 miliyoni, litaona kuti database yake ya MariaDB yayamba kulemedwa, linalengeza mu January 2021 kuti lasamukira pa maseva a Dell a ma core 64, RAM ya 2 TB ndi madisiki 24 a NVMe, mtundu wa SSD wothamanga kwambiri. Silinadule databaseyo, linangoikulitsira nyumba. Webusaiti ya mafunso ndi mayankho a olemba mapulogalamu ya Stack Overflow nayo mu 2016 inkalandira mapempho opitirira 209 miliyoni pa tsiku ndi maseva a webusaiti 11 komanso maseva a database 4 okha. Sindikuona bungwe losunga ndalama muno m'Malawi limene ntchito yake ingayandikire pamenepo.

Langizo langa ku bodi ndi ili. Patulani database ikhale pa makina akeake a RAM yokwanira kusunga mbali ya deta imene imagwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku, okhala ndi madisiki a SSD kapena NVMe, ndipo seva yakaleyo itsale ikuyendetsa pulogalamu. Kubernetes ndi chida chabwino kwa kampani yokhala ndi mapulogalamu ambiri ndi gulu la anthu owayang'anira usana ndi usiku, koma kwa inu idzatanthauza kuti bungwe lonse likudalira munthu mmodzi woidziwa, ndipo tsiku limene adzapeze ntchito kwina mudzafunafuna womulowa m'malo pa malipiro amene simunawaike mu bajeti.

FUNSO: Ndimagwira ntchito pa koleji ina yomwe si ya boma. Webusaiti imene ophunzira amalembetserapo maphunziro ndi kuonerapo zotsatira za mayeso imakhala phee pafupifupi chaka chonse, koma masiku olembetsa ndi otulutsa zotsatira, amene onse pamodzi sapitirira 20 pa chaka, imagwa. Tili kale pa cloud. Kodi si kuwononga ndalama kulipira seva yaikulu chaka chonse chifukwa cha masiku ochepawa? Mayi T., Blantyre.

YANKHO: N'kuwonongadi, Mayi, ndipo vuto lanu ndi limene anthu amatchula akafuna kuonetsa ubwino wochulukitsa. Tiyeni tiwerenge ndi mitengo ija ndatchula pamwambapa. Seva ya m5.2xlarge yoyaka chaka chonse, maola 8,760, idzadya madola pafupifupi 3,364. Mukakhala ndi m5.large imodzi chaka chonse, pa madola 841, n'kumaonjezera zina zitatu pa masiku 20 aja, amene ndi maola 480, mudzaonjezera madola 138, kuphatikizapo load balancer ya madola pafupifupi 197 pa chaka. Zonse pamodzi ndi madola pafupifupi 1,176, kungopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo woyamba uja.

Komabe pali njira yachitatu imene ambiri amaiiwala. Pa cloud seva imodzi yomweyo ingakulitsidwe ndi kuchepetsedwa: mumaizimitsa, n'kusintha mtundu wake, n'kuiyatsanso, ndipo zonsezi zimatenga mphindi zochepa. Popeza masiku olembetsa ali pa kalendala ya sukulu ndipo tsiku la zotsatira mumalisankha nokha, mungakulitse sevayo usiku wa dzulo lake ophunzira ali m'tulo, n'kudzaibweza chipwirikiti chikatha. Mukatero mudzalipira madola 795 pa masiku 345 a seva yaing'ono ndi madola 184 pa masiku 20 a yaikulu, pamodzi madola 979, popanda load balancer komanso popanda kukonzanso pulogalamu. Kuchulukitsa kochita kokha kumapindula kwa amene sadziwa nthawi imene khamu lidzafike, monga nyumba zoulutsa nkhani, kapena kwa amene khamu lawo ndi lalikulu koti seva imodzi singalinyamule. Ngakhale mutasankha njira imeneyo, yatsirani maseva oonjezerawo pasadakhale, chifukwa seva yatsopano imatenga mphindi kuti idzuke ndi kukonzeka, pomwe uthenga woti zotsatira zatuluka ukangoponyedwa pa gulu la WhatsApp, kalasi yonse imafika nthawi imodzi.

Chenjeraninso ndi database. PostgreSQL ikangoikidwa osasinthidwa imalola maulumikizi 100 nthawi imodzi, ndipo maseva anayi a webusaiti, aliyense akutsegula maulumikizi ake, angadzaze malowo msanga kuposa mmene seva imodzi inkachitira, kotero kuti mwaonjezera ndalama koma webusaiti ikugwabe. Chida chonga PgBouncer, chimene chimalola mapempho ambiri kugawana maulumikizi ochepa, chimathandiza pamenepa. Ndiponso zotsatira za mayeso zikatsimikizidwa sizisintha, choncho palibe chifukwa choziwerengeranso kuchokera mu database nthawi iliyonse wophunzira akadina. Zikonzereni pasadakhale, zisungidwe zokonzeka.

Mitengo ndawerengayi ndi ya ku America. Amazon inatsegula dera lake la Cape Town mu April 2020, Microsoft ili ndi madera ake ku South Africa kuyambira 2019, ndipo Google inatsegula la Johannesburg mu 2024. Kumeneko n'kufupi ndi ophunzira anu, koma pa Amazon mtengo wa Cape Town ndi wokwererapo kuposa wa Northern Virginia. Kumbukiraninso kuti bilu ya cloud imabwera m'madola pomwe fizi ya ophunzira imalowa m'makwacha. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo aliyense wolipira cloud anaona bilu yake ikukwera usiku umodzi popanda kuonjezera ngakhale seva imodzi. N'chifukwa chake ola lililonse limene seva yaikulu ikuyaka popanda ntchito limapweteka kwambiri kuno kuposa kwa anzathu olandira madola.

FUNSO: A Mkonzi, ine ndine wophunzira zamakompyuta. Mphunzitsi wathu amanena kuti seva imodzi, kaya ikule bwanji, ikafa zonse zaima, choncho kuchulukitsa n'kofunika nthawi zonse. Kodi zimenezi sizikugonjetsa nkhani yonse ya mtengo? Wophunzira, Zomba.

YANKHO: Mphunzitsi wanu wanena zoona pa mfundo yoyamba, ndipo apa m'pomwe kukulitsa kumaonetsa mtengo wake wobisika. Ngati ntchito yanu ili pa seva yaikulu imodzi ndipo simukufuna kuti iime, mufunika ina yofanana nayo yodikirira pambali, ndiye kuti mwalipira kawiri. Ngati ntchito yomweyo yagawidwa pa maseva ang'onoang'ono anayi, mungoonjezera yachisanu, ndipo imodzi ikafa zinayi zotsalazo zinyamulabe ntchito yonse. Woyamba walipira 200 peresenti ya mphamvu imene akufuna, wachiwiri 125 peresenti. Pa maseva a webusaiti, amene sasunga kanthu mwa iwo okha, masamu amenewa amakomera kuchulukitsa, ndipo kampani ikamakula m'pomwenso amakomera kwambiri.

Koma mawu akuti nthawi zonse ndi amene ndikukana. Choyamba dzifunseni kuti ola limodzi loima limawononga ndalama zingati. Ntchito yoyenda 99.9 peresenti ya nthawi imaloledwa kuima maola osakwana 9 pa chaka, pomwe ya 99.99 peresenti imaloledwa mphindi pafupifupi 53 zokha, ndipo kuchoka pa yoyamba kufika pa yachiwiri kumafuna ndalama ndi anthu ochuluka. Kampani yotumiza ndalama pa foni iyenera kulipira mtengo umenewo. Ofesi imene imatseka 5 koloko madzulo ndipo ingathe kukonza makina Loweruka ilibe chifukwa.

Chachiwiri, maseva khumi okhala m'chipinda chimodzi, pa chingwe chimodzi cha magetsi, jenereta imodzi ndi waya mmodzi wa intaneti, amazimira limodzi. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kunatha miyezi yambiri. Pa nyengo ngati imeneyo chopulumutsa ntchito ndi mabatire, mafuta a jenereta ndi makina oziziritsa chipinda, ndipo maseva ambiri amatha mabatirewo msanga kuposa seva imodzi yochita ntchito yofanana, pakuti bokosi lililonse limadya magetsi ake ngakhale likungokhala. Kuti kuchulukitsa kuteteze zenizeni, maseva ayenera kukhala m'nyumba zosiyana, ndipo zikatero deta yoyenda pakati pawo imalipiridwa. Pa Amazon ndi senti imodzi pa GB iliyonse potuluka ndi senti inanso polowa, ngakhale nyumbazo zili m'dera limodzi.

Chachitatu, makina ambiri amabweretsa mavuto amene makina amodzi alibe. Mu October 2018, kulumikizana pakati pa malo awiri a ku America a GitHub, webusaiti imene olemba mapulogalamu amasungirapo ntchito zawo, kunaduka kwa masekondi 43 okha. Pulogalamu yosankha database yotsogolera inasamutsira utsogoleriwo ku gombe la kumadzulo, pomwe ya kum'mawa inali ndi zolemba zina zimene zinali zisanakopedwe, ndipo kuyanjanitsa mbali ziwirizo kunachititsa kuti ntchito iyende mopunduka kwa maola opitirira 24. Chida choikidwa kuti chiteteze ndi chimene chinakulitsa ngoziyo. Ndipo musasokoneze kope lodikirira ndi backup: munthu akafufuta tebulo molakwitsa, kope lija limafufutanso pomwepo, kotero backup yosungidwa kwina, imene munayesapo kuibwezeretsa, imafunika kaya muli ndi seva imodzi kapena makumi asanu.

FUNSO: Pulogalamu yathu yowerengera ndalama imagwiritsa ntchito Microsoft SQL Server. Tapatsidwa mwayi wogula seva ya ma core 32 pa mtengo wosasiyana kwenikweni ndi ya ma core 16. Titenge yaikuluyo? Bambo K., Johannesburg.

YANKHO: Dikirani kaye, Bambo, chifukwa apa mtengo wa laisensi umaposa wa makina. SQL Server 2022 imagulitsidwa potengera ma core, awiriawiri, ndipo pa mtengo wolembedwa ndi Microsoft ma core awiri a mtundu wa Standard ndi madola 3,945 pomwe a mtundu wa Enterprise ndi madola 15,123. Mukaiika mwachindunji pa seva ya ma core 16, Standard idzakudyerani madola 31,560. Pa ya ma core 32 mudzalipira madola 63,120, chonsecho Standard ya 2022 sigwiritsa ntchito ma core opitirira 24, ndipo RAM imene imasungiramo masamba a deta imalekezera pa 128 GB. Kuti ma core onse 32 agwire ntchito pa SQL Server 2022 mufunika Enterprise, imene idzafika madola 241,968. Kuchulukitsa sikukupulumutsaninso, pakuti seva iliyonse yoonjezera imafuna laisensi yake, ndipo ufulu wokhala ndi kope lodikirira losalipira umabwera ndi pangano lolipiridwa padera la Microsoft lotchedwa Software Assurance.

Pa pulogalamu yolipiridwa motere, sankhani ma core ochepa koma othamanga, ndalama yotsalayo ipite ku RAM ndi madisiki a NVMe, zimene zilibe laisensi. Ngati ogwiritsa ntchito pulogalamuyo ndi anthu a mu ofesi owerengeka, funsaninso za laisensi ya Standard yowerengera anthu m'malo mwa ma core, imene pa mtengo wolembedwa ndi madola 989 pa seva ndi madola 230 pa munthu aliyense. Kwa anthu 20 zimenezo ndi madola 5,589, koma muyambe mwafunsa wopanga pulogalamu yanu ngati anthu ena akunja, monga makasitomala olowera pa webusaiti, amafikanso ku databaseyo, chifukwa nawonso amawerengedwa.